Kuphunzitsa mwana pakhomo: musanagule mabuku, dziwani kaye komwe mwanayo akupita

Amayi anzanga angapo akhala akundifunsa kutchalitchi ngakhale pa WhatsApp kuti kodi ana anu aja mumawaphunzitsa ndi mabuku ati, poti amawaona ali pakhonde m'mawa pomwe anzawo avala yunifolomu akuthamangira belu. Ena amafunsa mwachidwi, ena ngati akundimvera chisoni, apongozi anga nde mpaka lero mtima sunakhale pansi. Ndiye ndati ndilembe kamodzi bwinobwino chifukwa yankho lake silokwana pa mtanda umodzi wa uthenga.

Ife sitinachite kukonzekera. Timakhala mkati mwa esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje, bambo a kunyumba amagwira ntchito kufakitale, ndipo namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 kamlatho komwe ana amawolokera popita kusukulu kanapita ndi madzi. Sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka makampu a anthu omwe nyumba zawo zinagwa, ndipo zitatsegulidwa mwana wanga wachisamba, yemwe amadwala mphumu, amayenera kuzungulira mtunda wautali kwambiri, chiperoni chikayamba nde usiku onse osagona ndi chifuwa. Ndinati ndimugwirizire teremu imodzi pakhomo. Tsiku loyamba ndinamupatsa buku lake la Chichewa kuti awerenge, anawerenga tsamba lonse bwinobwino mosadodoma, koma nditaphimba chithunzi ndi dzanja n'kumulozera mawu a pakati pa tsamba anangondiyang'ana. Mwana wa sitandade 3 samatha kuwerenga, amangoloweza zomwe kalasi yonse imayimbira limodzi. Aphunzitsi ake sindiwanena ayi, munthu mmodzi ndi ana opitirira 100 angadziwe bwanji kuti uyu akuwerenga uyu akungotsatira pakamwa pa anzake. Koma tsiku limenelo ndinalira, ndipo m'pomwe ndinayamba kufufuza za silabasi.

Choyamba chomwe ndinachedwa kumvetsa n'chakuti silabasi si buku. Silabasi ndi dongosolo lonena kuti mwana aphunzire chiyani, chiyambe n'chiti chitsatire n'chiti, ndipo tidziwa bwanji kuti wamva tisanapite patsogolo. Buku ndi chida chabe chogwirira ntchitoyo. Mutha kukhala ndi katoni yodzadza mabuku okongola koma opanda silabasi, lero mwatsegula apa mawa apo, mwana n'kufika zaka 9 akudziwa maina a mapulaneti koma osatha kuchotsera 17 pa 42.

Nde funso lomwe ndimabwezera aliyense ondifunsa ndi ili: mwanayu mukufuna adzalowere khomo liti? Chifukwa pakhomo sadzakhalapo mpaka kalekale. Ngati mukufuna adzapite kusekondale ya boma, kaya ya nashonolo, kaya yogonera ya m'boma lathu lino, kaya CDSS yapafupi, njira yake ndi imodzi, mayeso a PSLCE omwe amalembedwa mu sitandade 8 ndipo amakonza ndi a MANEB ku Zomba. Mayeso amenewa amachokera mu silabasi ya boma yomwe amalemba a Malawi Institute of Education ku Domasi, basi. Muli Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi yomwe imatenganso za ulimi, Social ndi za chipembedzo, komanso Expressive Arts ndi Life Skills. Mwana yemwe waphunzira zaka 6 ndi mabuku a ku America atha kuyankhula Chingerezi chothyakuka koma akakumana ndi pepala la Chichewa lofunsa mikuluwiko, zining'a ndi mitundu ya maina, kapena funso la Social lofunsa za mtsinje wa Shire ndi mafumu a Amaravi, amangogwira cholembera. Ndipo sikuti ndi mbuli ayi, kungoti makolo anamukwezera basi yopita kwina.

Ngati khomo lanu ndi la sukulu zija zili ku Blantyre zotsata silabasi ya Cambridge ya ku Britain, zopita ku IGCSE, mayeso awo a kusekondale, imeneyo ndi nkhani ina. Cambridge Primary ili ndi masiteji 6, ya ana a zaka 5 mpaka 11, imatsamira kwambiri pa Chingerezi, Masamu ndi Sayansi, ndipo kumapeto kuli mayeso otchedwa Checkpoint omwe amalembedwa kudzera pa sukulu yolembetsedwa ndi Cambridge. Ndi silabasi yabwino, imafuna mwana afotokoze chifukwa osati kungotchula yankho. Koma muyambe mwawerengera thumba la zaka zonse mpaka adzamalize, osati la chaka chino chokha, chifukwa mabuku ake ndi odula, fizi ya sekondale zake nde musachite kufunsa, ndipo kumusiyitsa pakati kuti abwerere ku silabasi ya boma ali ndi zaka 12 n'kumuzunza mwana.

Zochokera ku America zomwe zimafika kuno kwambiri ndi za mipingo. Pali ACE, yomwe mwana amagwira ntchito m'timabuku tating'ono totchedwa ma PACE, pafupifupi 12 pa phunziro lililonse pa chaka, amadziikira yekha masamba oti amalize tsikulo, akamaliza amachonga yekha ndi buku la mayankho. Kwa kholo lotanganidwa imakopa chifukwa mwana amayenda yekha, koma kwa mwana wa zaka 6 kapena 7 yemwe sanadziwe kuwerenga ine sindikuona kuti ingathandize, ndipo ana ochenjera amaphunzira msanga kusaka yankho m'ndime n'kukopera osamva kanthu. Palinso Abeka ya ku Florida, yolimba pa kuwerenga ndi malamulo a Chingerezi, koma imathamanga ndipo imafuna kholo likhale pompo tsiku lonse. Zonsezi zimagulidwa pa dola, komanso ambiri mwa mabuku ake ndi olembamo, kutanthauza kuti mng'ono wake sangagwiritsenso ntchito, chaka chilichonse kugulanso.

Ine ndinagwamo m'mbuna imeneyi. Banja lina la azungu lomwe limabwerera kwao linatisiyira katoni ya mabuku a ku America, ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Sabata yachitatu tinafika pa mutu wa ndalama, tsamba lonse zithunzi za timakobidi, dime, nickel, quarter, mwana akufunsidwa kuti ma dime atatu ndi nickel imodzi ndi zingati. Mwana yemwe ndikamutuma kugolosale ndi K2,000 amabwera ndi chenji cholondola anakhala ola lonse akulimbana ndi ndalama zomwe sadzazigwira. Kutsogolo kwake kuyeza kunali kwa ma inch ndi ma pound pomwe ife ndi masentimita ndi makilogalamu, ndipo nkhani ya Disembala inali ya chipale chofewa ndi ana ovala majekete, panja pano kukutentha, anthu ali kalikiliki kupalira chimanga. Kalembedwe ka mawu enanso n'kosiyana, iwo color ife colour, ndipo wochonga mayeso kuno amatsata ka ku Britain. Mabuku a nthano a m'katonimo tikuwerengabe mpaka pano, ndi okoma, koma ngati msana wa maphunziro ndinawasiya.

Msana wathu pano ndi mabuku a boma, ndipo kwa mabanja ambiri a ngati ife ndinganene mosaopa kuti yambirani pomwepo. Koma chinsinsi chake chili apa: musangopeza buku la ophunzira, pezaninso buku la mphunzitsi. Anthu ambiri salidziwa. Buku la ophunzira lili ndi zithunzi ndi ntchito basi, koma la mphunzitsi ndi lomwe limakuuzani kuti mutu uwu utenge maphunziro angati, muyambe ndi funso lanji, mukonze zipangizo ziti, ndipo mwana akamaliza azitha kuchita chiyani. Ine ndinapita kwa ahedi mwaulemu, ananditumiza ku TDC, senta ya aphunzitsi ya m'zoni, kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ndipo kumeneko anandilola kuona mabuku ndi masikimu a mphunzitsi wina kuti ndidziwe kuti teremu iliyonse amafika pati. Onetsetsani kuti mwapeza omwe akugwiritsidwa ntchito panopa, chifukwa a Chichewa ndi Chingerezi a makalasi aang'ono anasintha pomwe pulogalamu ya National Reading Programme inayamba mu 2016, nde ena ogulitsa pamsika amakugwiritsani akale.

Tsopano nkhani yomwe ndimakangana nayo ndi anthu kwambiri, chiyankhulo choyambira kuwerenga. Makolo ambiri akati ndiphunzitse mwana pakhomo amafuna kuyambira tsiku loyamba zonse zikhale m'Chingerezi, Chichewa chisamveke n'komwe, poganiza kuti n'chomwe chikuwachedwetsa ana. Ine ndinaona zosiyana ndi maso angawa. Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera, a ndi a nthawi zonse, sasintha. Mwana akadziwa maliwu a a, e, i, o, u, n'kudziwa liwu la m, mwamupatsa kale ma, me, mi, mo, mu, mukaonjezera t ndi n nde mawu ayamba kutuluka okha, amama, moto, nena, mutu. Ndinadula katoni ya sopo timabokosi ting'onoting'ono, pa kalikonse phatikizo limodzi, n'kumwaza pamphasa. Ntchito ya mwana inali kutola tiwiri n'kuona ngati tapanga mawu. Tsiku lina anatola "ti" ndi "yi", anatchula pang'onopang'ono, kenako anatukula mutu kuyang'ana minda yomwe yatizungulira n'kukuwa kuti amayi ndi tiyi! Kuyambira pamenepo anadziwa kuti zolembazi zimayankhula, ndipo anayamba kuwerenga chilichonse, matumba a feteleza, zikwangwani za pa Chitakale, mapepala a mankhwala ake. Maphatikizo ovuta aja, nkh, mph, ng', ntch, tinawatenga mochedwa, limodzi pa sabata.

Chingerezi sichili choncho. Chilembo chimodzi chomwecho chimamveka mosiyana mu cat, cake ndi call, ndiye mwana yemwe sanagwirebe mfundo yakuti malembo amaimira maliwu, komanso sakudziwa tanthauzo la mawuwo, mukumusenzetsa mitolo iwiri nthawi imodzi. Chomwe ndinachita ndi mng'ono wake, yemwe ndinayamba naye ali ndi zaka 6, n'chakuti Chingerezi chinali cha pakamwa kaye, nyimbo, nthano, kumutuma kuti bring me the cup, pomwe kuwerenga kunali kwa Chichewa. Atayamba kuwerenga Chichewa mosajejema tinalowa ma phonics, kapena kuti maliwu a malembo a Chingerezi, ndipo sizinatitengere nthawi chifukwa luso lolumikiza maliwu anali nalo kale. Kuyambira sitandade 5 Chingerezi chimalemera kwambiri ndipo mayeso onse kupatula Chichewa amabwera m'Chingerezi, nde sindikunena kuti muchinyozere, ndikungonena za choyamba n'chiti. Agogo awo akabwera amawayankhulanso Chilhomwe, ndipo sindiwaletsa, mutu wa mwana sudzadza.

Masamu ndi phunziro lomwe ndimatsata ndondomeko ya buku ndendende osadumpha, chifukwa lili ngati kumanga nyumba, mzere wa njerwa ukapotoka pansi khoma lonse lapotoka. Koma mwana asanaone nambala papepala ayambe wagwira chinthu. Aphunzitsi athu ali ndi mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pompo, ndipo pakhomo nde zimatheka kuposa mkalasi. Timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi ndi mphira, ndi momwe wachisamba anamvetsera kubwereka pochotsera, umamasula mtolo umodzi kuti upeze timitengo 10. Zitsekerero za mabotolo pochulukitsa, mizere 4 ya zitsekerero 6. Nanazi timadula pawiri, panayi, pasanu ndi patatu asanadye, ndipo anaona yekha kuti magawo awiri mwa anayi ndi theka lomwe lija. Nthawi yothyola tiyi timapita pomwe amayeza masamba pasikelo, amalemba makilogalamu m'kope lake n'kuwonkhetsa kunyumba. Za sayansi tinadula botolo la pulasitiki, kumata rula m'mbali, kuliika pabwalo, m'mawa uliwonse amayeza mvula n'kulemba, ndipo mvula ya ku Mulanje kuno siyisowetsa cholemba.

Pali mayi wina wa ku England, Charlotte Mason, anamwalira mu 1923, yemwe njira yake anthu ambiri ophunzitsa pakhomo amatsata. Ziwiri zomwe ndinatengako ndi izi: phunziro la mwana wamng'ono likhale lalifupi, mphindi 15 kapena 20, ndipo mukamuwerengera nkhani kamodzi afotokoze yekha m'mawu ake zomwe wamva. Nditamva chachiwirichi ndinakumbukira agogo anga, nthano ikatha amaloza mmodzi kuti tabwereza iwe. Chimathandiza zedi, chifukwa mwana oloweza sangabisale, ndipo chimangirizo chikadzabwera m'makalasi a patsogolo amakhala atazolowera kale kuyala nkhani kuyambira kumutu.

Tsiku lathu silitalika. Timayamba 7:30 atadya phala, Masamu kaye mutu ukadali ozizira, kenako kuwerenga, kupuma, Chingerezi, ndiye phunziro limodzi mwa enawo mosinthanasinthana. Wamng'ono pofika 10 koloko wamaliza, wamkulu amafika 12. Anthu amadabwa kuti basi? Koma taganizani nthawi yomwe imathera pa kuitana maina, kuchonga makope 100 ndi kukhazika chete kalasi. Chovuta si kutalika kwa tsiku, chovuta ndi kukhalapo tsiku lililonse, pali maliro, pali kumunda, pali alendo, pali tsiku loti iwe mwini thupi silikufuna. Timatsata kalendala ya boma, kutsegulira Seputembala, materemu atatu, kuti anzawo akakhala pa holide nawonso akhale pa holide, ndipo Lachisanu ndimalisiya lopepuka kuti zomwe zatsalira mkati mwa sabata zilowe pamenepo.

Za foni ndi tabuleti ndinene mwachidule. Khan Academy, tsamba la maphunziro la pa intaneti, ndi yaulere ndipo imandithandiza ineyo kukumbukira masamu ndisanaphunzitse, koma imadya bandulo ndipo netiweki kuseri kwa phiri kuno imabwera ikafuna. A bungwe la onebillion anapanga pulogalamu yowerenga ndi masamu ya m'Chichewa, yomwe ana akugwiritsa ntchito pa matabuleti m'sukulu zina za boma, ndi yabwino kwa oyamba kumene. Koma silabasi yomwe imayima magetsi akazima musaidalire kukhala msana.

Chomwe sindikufuna muchite n'kuphunzitsa mobisa. Lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, ndipo m'midzi yambiri mafumu ali ndi malamulo awo olipiritsa makolo omwe ana awo sakupita kusukulu, amayi a mother group nawonso amayendera makomo. Akuchita bwino, chifukwa ana ambiri omwe ali pakhomo m'mawa sakuphunzira ayi, akugulitsa nthochi pamsewu kapena kulera ana anzawo. Nde pitani nokha kwa amfumu, kwa ahedi ndi kwa a PEA mufotokoze, muwaonetse ndandanda yanu ndi makope. Ine ndili ndi fayilo ya mwana aliyense, tsiku ndi tsiku ndimalemba deti, phunziro ndi tsamba, makope odzadza sinditaya. Kumapeto kwa teremu ndimapempha mapepala a mayeso omwe anzawo alemba kusukulu, mwana amalemba pa nthawi yake osathandizidwa, ndipo amachonga ndi mphunzitsi wina osati ine, chifukwa mayi dzanja limalemera kulemba mtanda pa pepala la mwana wake. Teremu ina wachisamba anagwa pa kugawa kwa manambala aatali pomwe ine ndimaona ngati akudziwa, tinabwerera m'mbuyo sabata zitatu.

Apongozi anga nkhawa yawo ndi yakuti ana akula ngati nkhuku za m'khola, opanda anzawo, ndipo sakulakwa kuda nkhawa. Palibe silabasi yomwe ingaphunzitse mwana kugonja pa fulaye osalira, kudikira mzere, kapena kumvera munthu wamkulu yemwe si mayi ake. Masana aliyense amatuluka, phada, jingo, kwaya ya ana Lachitatu, Sande sukulu, ndipo kawiri pa sabata ana atatu a aneba amabwera kudzawerenga nafe akaweruka. Ngati pomwe mukukhala palibe ana ena, kapena inu mumachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa n'kuganiza kuti wantchito kapena foni igwira ntchitoyi, musamuchotse mwana kusukulu. Musiyeni apite, inu mupeze mabuku omwewo, madzulo mphindi 30 pamphasa ndi timakatoni ta maphatikizo, zimasintha zambiri.

Kwa ife wachisamba abwerera kusukulu akafika sitandade 7. Mlatho anakonza, chifuwa chikuchepa akamakula, komanso kulembetsa mayeso a PSLCE kumadutsa pa sukulu yomwe ndi senta ya mayeso, nde ndikufuna dzina lake likhale m'kaundula nthawi ikadalipo, azolowere kulemba manotsi a pabolodi mothamanga ndi kukhala m'chipinda cha mayeso ndi anzake. Ahedi anati adzamuyesa kaye Chingerezi, Chichewa ndi Masamu asanamuike kalasi, ndipo fayilo yake ija ndipite nayo.